Kabotolo ka Chivindikiro Chotuwa

Swaleyi wafika dzuwa litapendeka,
njinga yamoto ikununkha phula ndi fumbi la ku Dwangwa,
bokosi lozizira lili chomangidwa ndi mphira kumbuyo.
Akuti mlatho wa Bua wauwoloka pambuyo pa lole ya nzimbe,
akumeza utsi, osapeza mpata wopitirira.
Ndasaina. Ndatsegula.
Timabotolo khumi ndi tiwiri, tonse tikutuluka thukuta.

Ta zivindikiro zofiira ndapatsira mnzanga.
Kanga ndi aka, kotuwa ngati phulusa la dzulo.

Ambiri sadziwa kuti magazi safa akatuluka m'mkono.
M'kabotolo momwemo maselo amadyabe,
amadya shuga yemweyo amene adokotala akufuna kuwerenga,
mwakachetechete, ngati anankafumbwe m'thumba losoka.
Ulendo ukatalika nambala imatsika,
ife n'kulemba bodza ndi dzanja lokongola:
pitani kwanu, bambo, mulibe vuto.

N'chifukwa chake pansi pa kabotoloka anaikapo kaufa koyera,
kosakwana n'kukoleretsa dzira limodzi.
Sodiyamu fulowayidi.
Ku koleji tinkaloweza dzinali usiku, magetsi atazima,
ndi chenjezo lake lomwe: valani magolovesi, uyu si mchere wa ndiwo.
Ntchito yake ndi imodzi basi,
kugwira dzanja la selo likadali m'mbale.
Sagwira nthawi yomweyo, ayi,
ola loyamba maselo amabako timbamu tingapo,
koma kenaka onse zii,
pakamwa pomanga,
shuga n'kukhala pomwe anali,
kudikira ine kuno ku Nkhotakota.

Ndatembenuza kabotolo kuti ndiwerenge dzina.
Gwedeza, Malizani. Wamwamuna. Zaka makumi asanu ndi awiri.

Ndakhala pansi.

Sitandade faifi, mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka,
ine ndili ndi kamfundo ka nzimbe kunsi kwa desiki,
ndikutafuna pang'onopang'ono kuti mano asamveke.
Choko chinaima pa bolodi.
Sanacheuke n'komwe.
"M'kalasi mwanga simudyedwa kanthu!"
Ndinagwada pakhomo mpaka belu,
makoko ali m'manja, nyerere zikukwera m'chigongono.
Ndinawada chaka chathunthu.
Ndi omwewo anandilembera kalata ya sukulu ya sekondale,
n'kundilipirira basi osauza mayi anga.

Lero magazi awo ali m'manja mwanga,
ndipo m'kabotolo muno, aphunzitsi, simukudyedwa kanthu.
Lamulo lanu lija lakutsatirani mpaka m'mitsempha.

Makina ozunguza alira, aleka.
Madzi achikasu ayandama pamwamba.
Ndatapa, ndathira, ndadikira.
Kunja wina akuitana dzina la wodwala amene wapita kale.

Nambala yatuluka.
Yaposa katatu pomwe inayenera kulekezera.

Ndabwereza, ngati kuti makina angachite manyazi.
Yomweyo.

Ndisaname, kwa kamphindi ndinalakalaka
kaufa kaja kakanagona pa ntchito,
maselo akanadya msewu wonse kuchokera ku Dwangwa,
ndikanalemba nambala yofatsa,
yoti munthu wokalamba n'kugona nayo tulo.
Koma bodza lotere limadula mwendo pakatha chaka,
limazimitsa maso amene ankaona nzimbe kunsi kwa desiki.

Ndalemba monga yatulukira.
Ndadula mzere kawiri kunsi kwake, ndi cholembera chofiira,
momwe ankachitira iwo pa samu zanga.

M'kabati mwatsala timabotolo totuwa tisanu ndi tinayi.
Oda tinatumiza mwezi wa Juni.

Ndavula magolovesi, ndasamba m'manja nthawi yaitali.
Pakhonde Swaleyi akuthira supuni yachitatu mu tiyi,
akufunsa ngati pali zoti anyamule mawa.
Zilipo, ndamuuza. Envelopu imodzi.
Usaisiye pa tebulo la alonda.
Ukaipereke m'manja mwa anamwino,
ndipo ukanene kuti asadikire Lolemba.